Za "Magazi Olimba" ndi Katemera wa Malungo

Za neti sitibwerezanso. Nonse mukudziwa kuti ntchito yake si kukokera usipa kapena kutchingira mbande. Chomwe chatitopetsa ife alangizi ndi ichi: mwana amabayitsa katemera wa malungo kawiri kapena katatu, kenako kusikelo osaonekanso. Tikamutsatira pakhomo, agogo amatiyankha tisanakhale n'komwe: "Ife kuno ndi a magazi olimba. Mkulu wakeyu sanagonepo m'chipatala."

Mawu amenewa akukanika kutha chifukwa muli kachoonadi pang'ono. Udzudzu ukaluma, tizilombo ta malungo timayamba takabisala m'chiwindi. Koma pamwamba pa maselo athu pali timapuloteni totchedwa HLA, timene timatola tizidutswa ta zimene zili m'kati mwa selo n'kutiyala panja, ngati mayi woyanika mphale pamphasa: wodutsa aliyense amadziwa zomwe zasinjidwa pakhomopo. Odutsawo ndi maselo oyera a m'magazi, aja timati asilikali a m'thupi. Akaona kachidutswa kachilendo, amapha selo yonseyo ndi kachilombo komwe.

Tsono HLA imasiyana munthu ndi munthu. Ya wina imagwira bwino tizidutswa ta malungo, ya wina ayi. Mu 1991 Adrian Hill ndi anzake anapeza kuti ana a ku Gambia okhala ndi mtundu wa HLA-B53 sankagwidwa malungo aakulu kawirikawiri ngati anzawo. Mumvetse bwino pamenepa: ena mwa iwo ankadwalabe.

Nanga mwadziwa bwanji kuti wanuyo ali nayo? Kusikelo sitiyeza HLA. Mwana amatengera theka kwa bambo, theka kwa mayi, ndipo mwayi woti ana awiri obadwa bere limodzi afanane ndendende ndi umodzi pa inayi basi. Kulimba kwa mkulu wake si cholowa cha mng'onoyo. Komanso tizilomboti tikatuluka m'chiwindi timalowa m'maselo ofiira a magazi, amene sayala kanthu panja mwa njira imeneyi, ndipo apa m'pamene mwana amayamba kutentha thupi, kutha magazi, mwinanso kukomoka.

Katemera amaonetseratu asilikali aja kachidutswa ka kachilombo kuti adzakazindikire msanga. Dziko lathu ndi limene linayamba kumupereka kusikelo, mu April 2019. Mwana amabayitsa kanayi: ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Womalizayu ndi amene mumamudumpha, poti mwana wayamba kuthamanga, mwina mayi ali ndi pathupi pena, kumunda nakonso kukuitana. Chonsecho chitetezo chimazilala pakapita miyezi.

Tsegulani buku la kusikelo lero muwerenge. Ngati tsiku linadutsa, bweranibe naye, sitikubwezani. Ndipo ngakhale wamaliza katemera yense, thupi likangotentha kamuyezetseni tsiku lomwelo. Panado wa kugolosale sapha tizilombo ta malungo.