Aswan: Mzinda Umene Thukuta Limauma Usanalione

Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandiimitsa pakhomo la labu. "Aphunzitsi, amati kuchipululu kumatentha koopsa. Nanga bwanji opita kumeneko amalongedza juzi?" Funso labwino, ndipo yankho lake ndi Fizikisi yomwe ija timalemba pa bolodi. Tiyeni tiyankhe pogwiritsa ntchito mzinda weniweni, Aswan, womwe uli kum'mwera kwa Egypt m'mbali mwa mtsinje wa Nile.

Tiyambe ndi mvula. Lilongwe imalandira mamilimita oposa 700 pachaka. Aswan imalandira pafupifupi milimita imodzi basi, ndipo zaka zina zimatha osagwa ngakhale dontho. Chifukwa chake n'chakuti mpweya wotentha umakwera cha ku equator n'kugwetsa mvula yake komweko. Ukafika cha ku madigiri 20 mpaka 30 kumpoto, umatsika uli wouma. Potsikapo umapanikizika n'kutentha, ndiye mitambo ipangike bwanji? Aswan ili pa madigiri 24. Anthu ake amadalira Nile ndi damu lalikulu la Aswan High Dam lomwe linamalizidwa mu 1970.

Tsopano kutentha. Kuyambira June mpaka August, masana kumafika madigiri oposa 40. Taonani: miyezi imene ife timanjenjemera ndi chisanu ndi imene iwo akupsa. Mukukumbukira specific heat capacity? Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika majoule 4,200. Mchenga umafuna pafupifupi 800 okha. Ndiye mphamvu yomwe yakweza madzi ndi digiri imodzi imakweza mchenga ndi madigiri asanu. Komanso mchenga sutumiza kutentha pansi msanga, choncho konse kumaunjikana pamwamba. Amene munayendapo opanda nsapato pamchenga wa kunyanja mu October mukudziwa zomwe ndikunena.

Nanga juzi ija? Chinthu chotentha msanga chimaziziranso msanga. Usiku nthaka imataya kutentha kudzera mu radiation. Mitambo ndi chinyezi zimakhala ngati bulangete lobweza kutenthako, koma ku Aswan bulangetelo n'lopyapyala. Mu January masana kumakhala madigiri pafupifupi 23, usiku n'kutsika mpaka 9 kapena 10. Eetu, juzi ikufunika.

Apa ndiye mvetserani bwino, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, monga mmene mtsuko umaziziritsira madzi: timadzi tothonya kunja kwa mtsuko tikamauma, timachoka ndi kutentha. Lita imodzi ya thukuta ikauma imachotsa majoule oposa 2 miliyoni. Mumpweya wouma thukuta limauma pompopompo, malaya osanyowa n'komwe. Mlendo amangoti, "Ine sindikutuluka thukuta," pamene madzi akutha m'thupi. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire ndi mkodzo wochepa wachikasu kwambiri. Munthu akayamba kuyankhula zosokonekera khungu lili moto, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi, muthamangire naye kuchipatala.

Ndiye mukadzapeza mwayi wopitako, chitani izi. Sankhani miyezi ya November mpaka February. Kuchokera ku Cairo, ndege imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka, pamene sitima ya pamtunda imayenda usiku wonse. Imwani madzi pafupipafupi musanamve ludzu, ndipo botolo lisachoke m'manja. Valani zovala zathonje, zotaya, zofika m'mikono, ndi chipewa. Zovala zowala zimabweza kuwala kwa dzuwa kochuluka, ndipo zotaya zimalola mphepo kudutsa pakhungu. Malo ngati kachisi wa Philae muwaone m'mawa kapena madzulo. Magalimoto opita ku Abu Simbel, mtunda wa makilomita pafupifupi 280, ambiri amanyamuka kusanache.

Dzuwa la mzindawu linathandizaponso sayansi. Kale Agiriki ankautchula Syene. Zaka zoposa 2,200 zapitazo, Eratosthenes anamva kuti kumeneko, patsiku lalitali kwambiri pachaka, dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni mpaka kuwala pansi pa chitsime. Ku Alexandria, tsiku lomwelo, mthunzi unkapendekeka ndi madigiri pafupifupi 7, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a bwalo lathunthu. Anachulukitsa mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyi ndi 50, n'kupeza kukula kwa dziko lapansi mozungulira. Analibe kakyuleta.

Ntchito ya kunyumba nayi. Tengani mbale ziwiri zofanana, ina muthiremo mchenga wouma, ina madzi olemera chimodzimodzi. Ziikeni padzuwa ola limodzi, mugwire ndi dzanja. Dzuwa likalowa dikirani ola lina, mugwirenso. Lolemba mudzandiuze mbale yomwe yazizira msanga, ndi chifukwa chake. Yankho lakuti "basi ndi mmene zimakhalira" sindidzalandira.