Kuotha Moto M'nyengo Yozizira: Mbaula ya Nkhuni Kapena ya Mapeleti?

Kabuku kano talembera mabanja a kumadera amene kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, monga ku Dedza, Ntcheu, Mzuzu, Chikangawa ndi m'mphepete mwa Nyika, komanso ku Thyolo ndi Mulanje kumene chiperoni chikayamba dzuwa silioneka masiku angapo. M'miyezi imeneyi moto sukhala wophikira wokha. Nsima ikaphulidwa, ana amaunjikana pamoto, agogo amati chikuni chisazime, ndipo mtolo umene umatha sabata m'chilimwe umangotha masiku ochepa. Tsopano m'matauni mwafika mbaula za mapeleti, ndipo ambiri a inu mwakhala mukutifunsa kuti: kodi tisiye nkhuni, tigule zimenezi?

Tiyankhe mosazungulira. Mbaula ya mapeleti imaphika bwino, mwachangu ndiponso mopanda utsi wambiri. Koma pa nkhani yootha moto, banja la kumudzi limene lili ndi mitengo yakeyake lipindula kwambiri ndi mbaula ya dothi ndi nkhuni zouma bwino. Ndipo mbaula iliyonse imene mungasankhe, isagone nanu m'chipinda chotseka.

Mapeleti ndi chiyani?

Ndi timibulu touma, tonenepa mamilimita 6 kapena 8, topangidwa ndi utuchi. Ena amagwiritsanso ntchito makoko a mtedza ndi zotsalira zina za kumunda. Makina amapanikiza utuchi mwamphamvu mpaka umatentha, ndiye utomoni wa mtengo womwewo umamata timibuluto. N'chifukwa chake peleti yabwino imanyezimira pang'ono ndipo imathyoka mwa phwa! osati kufumbutuka m'manja. Chinyezi chake sichifika magawo 10 pa 100 alionse. Mtengo wongodula kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mphamvu ya mapeleti yagona pamenepo: mukagula thumba, mwagula moto, simunagule madzi.

Kumayiko ozizira monga Italy, Austria ndi Sweden, anthu amatenthetsa nyumba ndi mbaula zikuluzikulu za mapeleti. Zimakhala ndi bokosi lothiramo mapeleti pamwamba, chitsulo chopota chimene chimagwetsera mapeleti pamoto pang'onopang'ono, fani yokankha mpweya wotentha, ndi paipi yotulutsira utsi kunja. Munthu amathira thumba la makilogalamu 15 n'kukagona, mbaula n'kumadzisonkhezera yokha. Koma zonsezo zimayendera magetsi, ndipo akazima, mbaula nayo yaima. Abale athu amene ali kunjako akamakusimbirani za mbaula imeneyi, dziwani kuti inapangidwira nyumba zosalowa mphepo, zokhala ndi siling'i ndi magetsi osathimathima. M'nyumba ya malata yopanda siling'i kutentha kumangothawira kudenga.

Imene mukuiona m'misika ya kuno ndi ina. Ndi yaing'ono, yonyamulika, yophikira. Ili ndi kafani kamene kamayendera batire, ndipo batireyo amatchaja ndi kasola kapena magetsi. Ku Zambia kampani ya SupaMoto yakhala ikugulitsa mbaula zoterezi pamodzi ndi mapeleti ake kwa mabanja amene kale ankadalira makala.

Kayatsidwe kake n'kosiyana ndi kamene tinazolowera. Mumathira mapeleti m'kachitini ka m'kati, osadzaza mpaka kutseka timabowo ta pamwamba, kenako mumayatsa pamwamba, osati pansi. Poyamba fani ikhale pang'ono. Pakapita mphindi zochepa muona malawi akutuluka m'timabowo tija mozungulira, ngati a gasi. Chimene chikuyaka pamenepo ndi utsi weniweniwo: moto ukamatsika m'mapeleti umatulutsa mpweya woyaka, ndipo fani imausakaniza ndi mpweya wabwino kuti upsere pansi pa poto. Malawi akatha pamatsala timakala tofiira. Mukathira mapeleti ambiri nthawi imodzi pamoto woyaka kale, mumautsamwitsa, ndipo utsi umene mumathawa uja umabuka. Thirani pang'onopang'ono, kapena dikirani athe muyambenso.

Ndiye taganizirani za kuotha. Mbaula imeneyi anaikonza kuti kutentha konse kulunjike pa poto. M'mbali mwake simutentha kwenikweni, ndipo mapeleti akatha imazizira msanga. Munthu wofuna kufunditsa mapazi usiku wa Julayi atentha mapeleti ogula ndi ndalama, koma kufunda kwake kochepa. Palinso nkhani ya kasungidwe. Mapeleti akanyowa amafufuma n'kubwerera kukhala utuchi, ndipo sangabwezeke. Thumba liikidwe pa thabwa kapena pa njerwa, lisagunde khoma lachinyezi, ndipo likhale pamalo podutsa mphepo, chifukwa mapeleti ambiri akaunjikidwa m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa ngakhale asanayatsidwe.

Mbaula ya nkhuni

Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala. Boma linaika cholinga choti pofika 2020 mbaula zosunga nkhuni zikhale zitafika 2 miliyoni, ndipo yodziwika kwambiri ndi chitetezo mbaula, imene magulu ambiri a amayi amaumba ndi dothi n'kuotcha mu uvuni. Ku Nkhata Bay bungwe la Ripple Africa linafalitsa ina yomanga ndi zidina ndi matope, ya Changu Changu Moto. Zonse ziwiri zimatchinga mphepo, zimasonkhanitsa moto pamalo amodzi ndipo zimayaka ndi timitengo ting'onoting'ono. Pa mafuwa, kutentha kwambiri kumangomwazikira m'mbali mphepo ikaomba.

Ubwino wa dothi pa nyengo yozizira ndi woti limasunga kutentha. Mukamaliza kuphika, thupi la mbaula limakhalabe lofunda kwa nthawi ndithu, moto utazima kale. Kufunda kumeneko n'kwaulere, ndipo kulibe utsi.

Koma mbaula yabwino siingakonze nkhuni zoipa. Pano ndi pamene mabanja ambiri amataya mphamvu zawo. Nkhuni zaziwisi zikaikidwa pamoto, motowo umayamba wagwira ntchito youmitsa madzi a m'chikuni, kenako ndi pamene umakufunditsani. Mumaziona nokha: kumapeto kwa chikuni kumatuluka thovu, chimalira tswii, maso amawawa, denga limada ndi mwaye, ndipo mayi amatha mpweya ndi kupemerera. Nkhuni zoyenera kuotha zikhale ndi chinyezi chosapitirira magawo 20 pa 100. Ku England mu 2021 kunayamba kugwira ntchito lamulo loletsa kugulitsa nkhuni zonyowa kuposa pamenepa kwa ogula pang'onopang'ono. Ife tilibe makina oyezera, koma tili ndi manja ndi makutu. Chikuni chouma chimapepuka, chimakhala ndi ming'alu kumapeto, khungwa lake limasupuka losavuta, ndipo mukagundanitsa ziwiri zimalira ngwe, pamene zaziwisi zimangoti di.

Nkhuni zootha mu Juni sizidulidwa mu Meyi. Dulirani nthambi miyezi ingapo nyengo yozizira isanafike. Zikuluzikulu muziwaze, chifukwa chikuni chowaza chimauma msanga kuposa chathunthu. Muzisanje pa thandala kapena pa mitengo iwiri yogoneka kuti zisagunde dothi, pamwamba mufolere, koma m'mbali musiye poyera kuti mphepo izidutsa. Ambiri amakulunga mulu wonse ndi pepala la pulasitiki poopa mvula, ndiye nkhuni zimachita thukuta m'katimo mpaka kumera bowa.

Bulugamu ndi keshya zikauma zimayaka nthawi yaitali ndipo zimasiya makala abwino. Paini amayaka msanga, amathetheka, ndipo utomoni wake umadetsa, choncho ndi wabwino kuyatsira, osati kuchezera. Mitengo ya nandolo, nthambi za gilisidiya ndi zitsononkho zimakwanira bwino m'chitetezo mbaula, ndipo banja lobzala nandolo m'munda wa chimanga limakolola ndiwo ndi nkhuni pamodzi. Zimene simuyenera kuotha ndi matabwa opaka penti, mapolo othiridwa mankhwala oteteza chiswe, majumbo ndi zidutswa za matayala. Utsi wake ndi poizoni. Chizolowezi choyatsira moto ndi jumbo chithe ndithu. Udzu wouma ndi timitengo zilipo.

Za makala tingonena mwachidule. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala mu uvuni wa dothi pamapita makilogalamu a mitengo pakati pa 5 ndi 10, ndipo kuyambira 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsa zilango kwa ootcha ndi kugulitsa makala opanda chilolezo. Banja la m'tauni limene limagula makala tsiku ndi tsiku ndi limene lili ndi chifukwa chenicheni choganizira mapeleti.

Zimene anapeza ku Chikwawa ndi Karonga

Ogulitsa mbaula amakonda kunena kuti mbaula yopanda utsi ithetsa chifuwa ndi chibayo pakhomo. Nkhaniyi inayesedwa kuno komwe. Akatswiri a zaumoyo anagawira mabanja ku Chikwawa ndi Karonga mbaula za fani za kampani ya Philips, pamodzi ndi masola otchajira, ndipo anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka 5 kwa zaka 2. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016. Chibayo sichinachepe mwa ana a m'mabanja amene analandira mbaulazo poyerekeza ndi amene ankaphika pa mafuwa. Chimene chinachepa ndi kupsa ndi moto. Mbaulazo zinkawonongekanso kawirikawiri, moti zinkafuna okonza.

Ife alangizi tikutolapo mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yoti mwana amapuma utsi wa pakhomo ponse, wa zinyalala zootcha, wa moto wa aneba, wa moto wootha madzulo, osati wa pophikira pokha. Yachiwiri ndi yoti mbaula yokhala ndi fani ndi batire idzafuna wokonza tsiku lina. Musanapereke ndalama, funsani wogulitsa kuti fani ikafa mupita kuti, batire yatsopano ipezeka kuti, ndiponso mapeleti azipezeka pafupi chaka chonse kapena ayi. Mbaula ya mapeleti yopanda mapeleti imangokhala chitini chodula.

Mpweya umene umapha anthu ali m'tulo

Gawo ili muwerengere aliyense pakhomo, ngakhale ana. Moto uliwonse ukamayaka pamalo popanda mpweya wokwanira umatulutsa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, suwawa m'maso. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, pakuti magazi amaugwira mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200. Makala ofiira amene asiya kufuka, amene anthu amati tsopano ayera, ndi amene amautulutsa kwambiri. Timakala totsala m'mbaula ya mapeleti n'chimodzimodzi. Kusaona utsi si umboni woti m'chipinda muli bwino.

Zizindikiro zake ndi litsipa, chizungulire, nseru, kufooka kwa miyendo ndi tulo tosaletseka. Anthu awiri kapena atatu m'nyumba imodzi akadandaula mutu nthawi imodzi moto uli m'nyumba, musathamangire kunena kuti ndi malungo. Tsegulani chitseko ndi mazenera, tulutsani aliyense panja, ndipo amene wakomoka kapena akusokonezeka mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, mukauze adokotala kuti munali mbaula m'chipinda. Kumumwetsa mkaka kapena kumuthira madzi sikuchotsa mpweyawu m'magazi. Amayi oyembekezera, makanda ndi okalamba ndi amene amagwidwa msanga. Alonda ausiku amene amaotha mbaula m'kanyumba kotseka ali pangozi yomweyi, ndipo owalemba ntchito awagulire jekete ndi bulangete.

Otherani moto kukhitchini kapena pakhonde pamene mphepo ikudutsa. Ngati mwalowetsa mbaula pabalaza, zenera likhale lotsegula, ndipo musanagone itulutseni, muzimitse ndi dothi kapena phulusa. Chogona nacho ndi ichi: njerwa yootcha imene yakhala pambali pa moto, yokulungidwa m'chiguduli chokhuthala, kapena botolo lolimba la madzi ofunda lotseka bwino. Kwa khanda musaike zimenezi; mayi alifungatire pachifuwa, livale chipewa ndi masokosi. Mipata ya pansi pa chitseko ndi m'mazenera muitseke moto ukatuluka, osati uli m'kati.

Nyengo yozizira ndi imenenso zipatala zimalandira ana ambiri opsa. Mwana wokwawa asasiyidwe yekha pafupi ndi mbaula, ndipo munthu wodwala khunyu asaothe moto popanda wina pambali pake. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, kenako pitani kuchipatala. Musapake mankhwala otsukira mano, mazira, mafuta kapena dothi.

Nanga musankhe iti?

Werengerani pa sabata, osati pa tsiku logula mbaula. Lembani ndalama zimene mumawononga pa makala kapena nkhuni m'masiku 7, ndipo mufunse amene akugwiritsa kale ntchito mapeleti m'dera lanu kuti thumba limawathera masiku angati. Muonjezepo mtengo wa mbaula ndi thiransipoti yokagulira mapeleti. Ngati muli m'tauni, mumagula makala, ndipo wogulitsa mapeleti ali pafupi, mbaula ya mapeleti ingakuthandizeni pa kuphika. Ngati muli kumudzi ndipo muli ndi malo obzala mitengo m'malire a munda, gulani kapena umbani mbaula ya dothi, ndipo ndalama yotsalayo mugulire bulangete.

Amene muli ndi chumuni, chotsani mwaye nyengo yozizira isanayambe, chifukwa mwaye wochuluka umagwira moto ndipo ungayatse denga. Amene mukufuna mbande za keshya, gilisidiya kapena msangu, onanani ndi alangizi a zankhalango a m'dera lanu mvula isanagwe, kuti maenje akhale okonzeka pofika Disembala.