Shuga Akatsika Muli pa Chiwongolero

Uthenga kwa mabanja a kwa Mkhumba omwe ali ndi wodwala shuga woyendetsa galimoto, minibasi kapena njinga yamoto ya kabaza.

Tonse tinamva kuti wodwala shuga asamadye zotsekemera. Chimene ambiri sanamve n'chakuti mankhwala amatha kutsitsa shuga mopitirira, ndipo zikatero shuga yemweyo ndiye wopulumutsa. Ubongo ulibe nkhokwe, umadya shuga amene ali m'magazi nthawi yomweyo. Akachepa, maganizo amachedwa, phazi limachedwa kuponda buleki. Pamsewu wopita ku Chitakale kapena ku Chiringa, pomwe njinga, ana asukulu ndi mbuzi zimangodutsa, kuchedwa pang'ono chabe kumatayitsa moyo.

Ali pachiopsezo kwambiri ndi amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide. Metformin payekha satsitsa shuga chotere kawirikawiri. Onani m'buku lanu la kuchipatala kuti mudziwe omwe mukulandira.

Vuto limayamba kunyumba. Bambo wa kabaza amadzuka m'mbandakucha tsiku la msika ku Migowi, wamwa mankhwala, m'mimba mulibe kanthu, ati akadya akapeza kasitomala woyamba. Kasitomala uja amachedwa, dzuwa lakwera, mankhwala akugwira ntchito. Chimodzimodzi amene wayamba walima kudimba, amene akusala kudya, kapena amene akudwala malungo ndipo chakudya sichikulowa. Za mowa tisabise: kachasu kapena masese a usiku amatha kutsitsa shuga mpaka m'mawa mwake, munthu akuyesa kuti ndi matsire chabe.

Musananyamuke
Idyani kaye, ngakhale phala, mbatata kapena chinangwa. Ngati muli ndi kamakina koyezera, yezani: shuga akhale 5 kapena kupitirira (makina ena amalemba 90). Pansi pa 4 (kapena 70) musakwere. Paulendo wautali, monga wa ku Limbe kapena ku Zomba, yezani kapena idyani kanthu pakatha maola awiri alionse. Shuga wa m'kapepala kapena maswiti akhale m'thumba la malaya, osati m'chikwama chomangidwa kumbuyo.

Zizindikiro
Kunjenjemera manja, thukuta lozizira, mtima kuthamanga, njala yadzidzidzi, chizungulire, maso kuchita chidima, kupsa mtima popanda chifukwa.

Mukamva chimodzi mwa izi, musanene kuti kwatsala pang'ono ndifike. Imani pambali, zimitsani injini, chotsani kiyi, tsikani pampando. Imwani masupuni aang'ono anayi a shuga osungunulira m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wanthawi zonse, osati wolembedwa kuti alibe shuga. Pakatha mphindi 15 simunapeze bwino, bwerezani. Kenako idyani chokhalitsa m'mimba monga buledi, nthochi kapena nsima.

Thupi likatsitsimuka, dikiranibe mphindi 45 musanayendetse, pakuti ubongo umachira mochedwa kuposa mmene mukumvera. Okwera adzadandaula, ena adzatsika n'kukwera ya wina. Asiyeni apite. Ndalama ya ulendo umodzi sikwanira kulipira mwendo wothyoka.

Kwa a pabanja ndi anzake a pasiteji
Munthu amene shuga wamutsikira amaoneka ngati woledzera: amadzandira, lilime limalemera, amayankha mwamwano. Ambiri amamuseka kapena kumusiya agone. Ngati mukudziwa kuti amadwala shuga ndipo akutha kumeza, mupatseni chotsekemera msanga. Amayi, musaope kuti mukumuwonjezera matenda. Shuga wokwera pang'ono kwa ola limodzi sangamuphe, koma wotsikitsitsa akhoza. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa chifukwa angatsamwe. Mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala chapafupi, kaya ku Holy Family kapena kuchipatala chachikulu cha boma ku Migowi. Womwa glibenclamide apite ndithu ngakhale watsitsimuka, chifukwa mankhwalawa amakhalitsa m'thupi ndipo shuga amatha kutsikanso.

Inu oyendetsa, musasiye mankhwala poopa zimenezi. Tsiku la sikelo ya shuga auzeni adokotala kuti mumayendetsa, ndi maola amene mumagwira ntchito, kuti aone ngati mlingo ukufunika kusintha. Pemphaninso akuyezeni maso ndi mapazi, popeza phazi lochita dzanzi silimva buleki bwino. Ndipo ngati shuga anakutsikiranipo osamva chizindikiro chilichonse, kiyi mupatse wina kufikira adokotala atakuonani.