Dotolo Burkitt ndi Muyeso wa Kafukufuku wa Khansa

Akatswiri a sayansi ali ndi njira yao yoyezera ntchito ya mnzao. Munthu akatsiriza kafukufuku amalemba zimene wapeza m'magazini a akatswiri, ndipo ena polemba zao amamtchula dzina monga maziko amene amangapo. Chiyambire 1964, pamene Eugene Garfield anayamba kutulutsa buku lotchedwa Science Citation Index, kutchulidwa kumeneku kumaŵerengedwa, ndipo wotchulidwa kaŵirikaŵiri amayesedwa wopambana. Muyesowu ngwothandiza, koma umachedwa kuzindikira ntchito yabwino, ndiponso pali anthu ena amene suwaona konse. Tiyeni tione nkhani ya Denis Burkitt.

Burkitt anali dotolo wa opaleshoni wochokera ku Ireland, ndipo ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago mu mzinda wa Kampala ku Uganda. M'chaka cha 1957 anaona kamnyamata kotupa nsagwada, mano akugwedera. Pasanapite nthaŵi anaonanso mwana wina wotero. Atafufuza m'mabuku a chipatala, mu 1958 analemba za ana 38 m'magazini ya British Journal of Surgery. Oŵerenga ambiri sanalabadire. Tikadamuyeza chaka chimenecho ndi chiŵerengero cha omtchula, tikadati wagwira ntchito yachabe.

Zinthu zinasintha mu 1961. Pamodzi ndi Gregory O'Conor analemba m'magazini ya Cancer kuti chotupacho ndi khansa ya tiziŵalo toteteza thupi ku matenda, tomwe tija tikatupa timati mwanabele. Chaka chomwecho analankhula pa chipatala cha Middlesex ku London. Mwa omvera munali Anthony Epstein, amene anapempha kuti azimtumizira tizidutswa ta zotupazo. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong analengeza m'magazini ya The Lancet kuti apezamo kachirombo. Aka kanali kachirombo koyamba ka mtundu wa vairasi kodziŵika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu.

Gawo limene likutikhudza ife ndi ulendo umene Burkitt anayamba kumapeto kwa 1961. Iye ndi madotolo anzake aŵiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anayenda pa galimoto yakale mamailosi pafupifupi 10,000 kwa milungu 10, nayendera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za dziko lathu lino pamene linkatchedwa Nyasaland. Funso lao linali limodzi: kodi ana otupa chonchi mumawaona, ndipo amachokera midzi iti? Kuno anapeza kuti nthendayi inali yofala m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, koma yosoŵa kumapiri kozizira. Kotentha ndi kwa mvula yambiri ndiko kumene udzudzu umaswana. Lero tikudziŵa kuti kachirombo kaja ndi malungo obwerezabwereza zimathandizana poyambitsa khansa imeneyi.

Tsopano dzina la Burkitt, amene anamwalira mu 1993, limatchulidwa paliponse pamene akuphunzitsa za khansa, pakuti nthendayo inatenga dzina lake. Koma ine, amene ntchito yanga njosanthula makaundula a zipatala za kumidzi, ndimaganizira anamwino ndi othandiza madotolo amene analemba bwino zaka za mwana ndi mudzi wake. Popanda iwo mapu aja sakadajambulidwa, komabe m'buku la Garfield maina ao mulibe.

Khansa imeneyi ikadali pakati pa khansa zofala kwambiri mwa ana m'Malaŵi. Chotupa chake chimakula msanga koposa, m'masiku oŵerengeka, koma chimamvanso mankhwala monga cyclophosphamide chikapezeka msanga. Mukaona mwana watupa nsagwada, diso kapena mimba mwadzidzidzi, musamchedwetse ndi zomzula dzino kapena zomtemera mphini. Mtumizeni ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo m'kaundula mulembe zaka zake, mudzi wake ndi tsiku limene kutupako kunayamba.