Ulendo wa ku Pinhão

Pinhão ndi tauni yaing'ono ya ku Portugal. Ili m'mbali mwa mtsinje wa Douro. Alendo amanyamuka mumzinda wa Porto m'mawa pamodzi ndi wowatsogolera, ndipo amabwerera madzulo.

Panjira amaona mapiri odzaza ndi minda ya mpesa. Mapiriwo ndi otsetsereka kwambiri. Kuti mvula isakokolole nthaka, alimi akale anamanga makoma amiyala m'mizeremizere, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Popanda makomawo, mpesa ukanasowa pomera.

Akafika ku Pinhão, amaima pokwerera sitima yapamtunda. Pamakoma ake pali zithunzi za anthu akuthyola mphesa. Kenaka amapita kumunda wina kukalawa vinyo. Akuluakulu amalawa pang'ono cabe, koma ana salawa.

Malire a dera la vinyoyu anaikidwa mu 1756. Mu 2001, bungwe la UNESCO linalemba derali m'gulu la malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Mafunso
1. Kodi tauni ya Pinhão ili m'mbali mwa mtsinje uti?
2. N'cifukwa ciani alimi anamanga makoma amiyala?
3. Nanga kwanu, alimi amateteza bwanji nthaka ya m'mapiri?