Andebol, Mpira Woponya ndi Manja

Tikaweruka m'kalasi madzulo timapeza anyamata ali kale pa bwalo ndi mpira wa miyendo. Amayi amapinda makope awo m'nsalu nkumapita kukaphika. Bwalo ndi limodzi, ndipo eni ake akhala amuna okhaokha. Lero tiphunzira za masewera ena amene safuna malo aakulu, safuna nsapato zodula, ndipo amayi ndi abambo angathe kuwasewera mofanana. Pa Chipwitikizi dzina lake ndi andebol.

Tisasokoneze. Abale athu a ku Ntcheu ndi ku Dedza akati "mpira wa manja" amanena ntchemberembaye, uja woponya mpira mu kamkombero ka pamwamba pa mtengo. Andebol ndi wina. Ali ndi magolo awiri, ndipo pa golo lililonse pamaima munthu wotchinga, monga pa mpira wa miyendo. Koma mpirawo umayenda ndi manja.

Kodi masewerawa anachokera kuti?

Ku Denmark, dziko lozizira la kumpoto kwa Ulaya, kunali mphunzitsi wina dzina lake Holger Nielsen. Iye ankaphunzitsa masewera olimbitsa thupi pa sukulu ya ku Ordrup. Ana ake a sukulu ankaponyerana mpira ndi manja, iye nkuwakonzera malamulo, ndipo malamulowo anasindikizidwa mu 1906. Mphunzitsi yemweyu ndi amene pambuyo pake anatulukira njira ina yothandizira munthu womira m'madzi kuti ayambenso kupuma.

Ku Germany nkhani inayenda mwa mtundu wina. Pa 29 Okutobala 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, Max Heiser wa mu mzinda wa Berlin analemba malamulo a masewera otere. Analembera akazi. Izi tizikumbukire bwino, chifukwa alipo ena pakati pathu amene amati mpira si wa amayi. Amuna anachita kubwera pambuyo. Mu 1919 Carl Schelenz anasintha malamulowo kuti amuna nawonso azisewera, ndipo masewerawa anafika pa bwalo lalikulu, anthu 11 mbali iliyonse. Andebol wa mtundu umenewu anaseweredwa pa mpikisano wa Olimpiki ku Berlin mu 1936.

Nanga bwalo linachepa bwanji? Chinachepetsa ndi chisanu. Ife a ku Tsangano timadandaula ndi mphepo ya mu Juni ndi Julayi, koma ku Denmark ndi ku Sweden kumazizira mpaka madzi kuuma gwa kwa miyezi ingapo. Anthu a kumeneko ankasewerera m'nyumba zikuluzikulu. M'nyumba simungakwane anthu 22 othamanga, tsono anatsala 7 mbali iliyonse. Masewera a anthu 7 anakhala achangu ndi okoma kuonera, ndipo pang'onopang'ono anaposa aja a anthu 11. Bungwe loyang'anira andebol pa dziko lonse linakhazikitsidwa mu 1946 ku Copenhagen. Pa Olimpiki, amuna anayamba kusewera wa anthu 7 mu 1972 ku Munich, akazi mu 1976 ku Montreal.

Muno mu Afirika bungwe la andebol linayamba mu 1973. Akazi a ku Angola atenga chikho cha Afirika koposa ka 10, ndipo koyamba kanali mu 1989. Mu 2011, pamene masewera a maiko onse a mu Afirika anachitikira ku Maputo, andebol analiponso.

Tsopano tione malamulo.

Gulu lililonse lili ndi anthu 7: osewera 6 ndi wotchinga pagolo mmodzi. Akuluakulu amasewera mphindi 30, kupuma mphindi 10, nkusewera mphindi 30 zina. Wotopa amatuluka, wina nkulowa m'malo mwake, ndipo wotulukayo angathe kubwereranso. Lamulo limeneli ndi labwino kwa ife amene timafika pa bwalo titalima kale m'mawa wonse.

Malamulo awiri aakulu ali ndi nambala imodzi, 3. Munthu asayende mapazi opitirira 3 mpira uli m'manja. Asaugwirenso kupitirira masekondi 3 ali chiimire. Akafuna kupita nawo patsogolo aziugunditsa pansi ndi dzanja limodzi. Akaugwira ndi manja awiri pambuyo pogunditsa, basi, aupereke kwa mnzake kapena auponye ku golo. Kuyambiranso kugunditsa ndi kulakwa. Mpira ungakhudze mutu, chifuwa, ntchafu ngakhale bondo, koma osati kumunsi kwa bondo. Wotchinga pagolo yekha ndi amene amaloledwa kutchinga ndi phazi, akakhala m'dera lake.

Dera limeneli ndilo mtima wa masewera onse. Kutsogolo kwa golo lililonse kuli mzere wokhota, mamita 6 kuchokera pa golo. M'kati mwake ndi mwa wotchinga yekha. Wina aliyense, mdani kapena mnzake, asapondemo. Koma taonani nzeru yake: lamulo likuletsa kuponda, silikuletsa kudumpha. Wosewera angathe kudumphira m'deramo, nkuponya mpira ali m'malere asanatere pansi. Nchifukwa chake osewera andebol amaoneka ngati akuuluka.

Poteteza golo lathu timaloledwa kuimirira kutsogolo kwa mdani ndi kumutchingira njira ndi thupi. Kukankha, kukoka malaya, kupinga mwendo ndi kulanda mpira umene uli m'manja mwa wina, zonsezi ndi zoletsedwa. Wolakwa pang'ono, mpira umapita kwa adani, ndipo poponya, otchinga amaima mamita 3 kutali. Wolakwa kwambiri amatulutsidwa kwa mphindi 2, gulu lake nkutsala ndi anthu ochepa. Akatulutsidwa kachitatu sabwereranso. Munthu akalakwiridwa pamene anali pafupi kugoletsa, amapatsidwa mpira woponya yekha pa mzere wa mamita 7, maso ndi maso ndi wotchinga pagolo. Ndipo gulu limene likungoponyerana mpira osafuna kupita ku golo, pofuna kutha nthawi, woimbira amalilanda mpirawo.

Bwalo lake ndi la mamita 40 m'litali ndi mamita 20 m'lifupi. Golo ndi la mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2 kutalika kwake. Mitengo itatu ya bulugamu kapena nsungwi zokhwima zikwana golo limodzi. Mizere tingalembe ndi phulusa. Tisankhe malo osatsetsereka, tichotse miyala ndi zitsa, chifukwa pa masewerawa anthu amagwa kawirikawiri, ndipo dzanja lothyoka nyengo yokumba mbatata ndi tsoka la banja lonse.

Pa mzere wa mamita 6 ife tinalakwitsapo, ndiye tikuuzeni kuti musabwereze. Tinakhoma chikhomo pakati pa golo, nkumangirira chingwe cha mamita 6, nkuzungulira nacho kamodzi. Zinaoneka bwino. Koma titayamba kusewera, oponya a m'mbali ankafika pafupi kwambiri ndi mtengo wa golo, ndipo mayi amene ankatchinga anamenyedwa ndi mpira kumaso. Cholakwa chinali chathu, osati cha woponya. Tiwerengere limodzi. Kuchokera pakati pa golo kufika pa mtengo pali mita imodzi ndi theka. Tikachotsa pa mamita 6, m'mbalimo munatsala mamita 4 ndi theka okha.

Njira yoyenera ndi iyi. Timangirire chingwe cha mamita 6 pa mtengo wa kumanja wa golo. Tiyambire pa mzere wa kumapeto kwa bwalo, tizungulire mpaka chingwe chiloze kutsogolo. Tichite chimodzimodzi pa mtengo wa kumanzere. Pakati patsala mpata wa mamita 3, ndipo pamenepo tilembe mzere wowongoka wolumikiza mbali ziwirizo. Mzere wa mamita 9 timaulemba mwa njira yomweyi, koma wodukizaduka.

Mpira wa andebol ndi wochepa kuposa wa miyendo, woti munthu nkuugwira ndi dzanja limodzi. Wa amuna, tikauzunguliza chingwe, ndi masentimita 58 mpaka 60. Wa akazi ndi 54 mpaka 56. Ngati tilibe, tiyambe ndi wa chikulunga. Sudumpha bwino pougunditsa pansi, koma umatiphunzitsa kupatsirana msanga.

Ntchito ya m'makope:

Lembani mawu awa kawiri: bwalo, golo, dzanja, chingwe, mzere.

Tikufuna kuthira phulusa kuzungulira bwalo lonse. Tiyenda mamita angati?

M'kalasi muli amayi 16 ndi abambo 12. Tipanga magulu angati a anthu 7?

Loweruka aliyense abwere ndi khasu. Amene ali ndi chingwe chachitali abwere nacho, tidzachiyeza pa mita ya kusukulu.