Mafunso ndi Mayankho pa Wailesi: Kuyeza Mphamvu ya Mtima ndi Mapapo

Funso: Bambo ena a ku Woodlands, a zaka 52, alemba kuti kuchipatala anawauza kuti BP yawo ili bwino, koma amachita befu akayenda kuchokera kwawo kukafika ku Woodlands Stadium. Akufunsa ngati mtima wawo uli wolimba.

Yankho: BP, yomwe ndi mphamvu imene magazi amakankha nayo mitsempha, imayezedwa munthu atakhala pansi, ndipo ikakhala pansi pa 140/90 ndi nkhani yabwino, koma siiulula mmene mtima ndi mapapo zimaperekera mpweya kuminofu thupi likakhala pa ntchito. Chimenechi chimadziwika munthu akamayenda. Muyeso wosavuta umene azachipatala amagwiritsa ntchito ndi kuyenda kwa mphindi 6, pomwe munthu amapita ndi kubwerera pamalo athyathyathya otalika mamita 30 mofulumira mmene angathere koma osathamanga, ndipo akuluakulu athanzi ambiri amakwanitsa mamita pakati pa 400 ndi 700.

Chofunika kwambiri ndi chimene mtima umachita munthu akaima. Bambowa awerenge kugunda kwa mtima pamkono akangomaliza kuyenda mwamphamvu, kenaka awerengenso pakatha mphindi imodzi. Kugunda kwa mtima wozolowera ntchito kumatsika msanga, pamene kutsika ndi 12 pa mphindi kapena kuchepera apo, munthu atadzipanikiza ndithu, ndi chifukwa chokwanira choonana ndi dokotala. Amene amamwa mankhwala a BP achenjere, popeza ena mwa mankhwalawo amachedwetsa kugunda kwa mtima ndipo amasokoneza chiwerengerochi.

Koma befu akadza pamodzi ndi kupweteka kapena kufinya pachifuwa, chizungulire, kapena kutupa kwa mapazi, kudziyesa kunyumba kulekeke. Munthu wotere apite kuchipatala cha Chilenje, chomwe chili pafupi, ndipo kumeneko angamutumize kuchipatala cha UTH kapena ku National Heart Hospital kukajambulidwa ECG, muyeso umene umaonetsa mmene mtima ukugundira.

Funso: Mayi ena a ku Kabwata, amene anachira TB zaka zapitazo, akufunsa chifukwa chake amabanikabe akakwera masitepe.

Yankho: TB imatha kusiya zipsera m'mapapo ngakhale mankhwala atapha tizilombo tonse, ndipo utsi wa mbaula m'nyumba yotseka mazenera umawonjezera vutolo. Mayiwa ayezedwenso makhololo, kenaka apemphe spirometry, muyeso umene munthu amauzira mpweya m'kachipangizo koonetsa kuchuluka ndi liwiro la mpweya wotuluka m'mapapo. Dokotala akalola, kuyenda kumathandiza: bungwe la WHO limalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, pa liwiro limene munthu angathe kulankhula koma osatha kuimba, ndipo wofooka ayambe ndi mphindi 10 patsiku n'kumawonjezera pang'onopang'ono.